Musafulumire Kupinda Mabulangete

Amayi anzanga, kwathu kuno mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto mitima imakhala pansi. Mwera umayamba kuleka, mango amakhala atachita maluwa, mitengo ya mombo m'mapiri imavala masamba anthete ofiira, ndipo ana amasiya kukanirira pamoto m'mawa. Pamenepo mayi wosamala amachapa mabulangete ndi majuzi, nawayanika padzuwa, nawapinda bwinobwino ndi kuwaika m'sutikesi kufikira chaka chamawa. Kumadera ambiri a dziko lathu palibe cholakwika pa zimenezi, pakuti Seputembala akalowa kutentha kumangonkerankera mpaka mvula itagwa.

Komatu ambiri a ife tili ndi ana, amuna, alongo kapena adzukulu amene akukhala ku South Africa. Ena ali ku Johannesburg, ena ku Durban, ndipo ena amayendayenda pakati pa mizinda iwiriyi pa ntchito kapena pa malonda. Kumeneko nyengo ili ndi khalidwe lina. Mwezi umene anthu amati kuzizira kwatha ndi womwewo umene nthawi zina mapiri amadzuka atayera mbee ndi chipale chofewa, kumunsi kwake kukugwa mvula yozizira ngati madzi a mufiriji. Nkhaniyi ndi yakutali, koma ikukhudza nyumba zathu, chifukwa amene amalongedza chikwama cha wapaulendo ndi kulangiza mwana pa foni kawirikawiri ndi mayi.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Matalala tonse timawadziwa: ndi timiyala ta madzi oundana, amagwa mwaphokoso padenga la malata, nang'amba fodya ndi chimanga, kenaka nasungunuka posachedwa. Chipale chofewa sichitero. Chimagwa mwakachetechete ngati thonje louluzika ndi mphepo, ndipo chimaunjikana pamsewu, pamadenga ndi pamsipu ngati ufa wa pamphasa. Chikagwa usiku wonse chingathe kufika m'mawondo kapena kupitirira, ndipo galimoto silingayendenso.

Dziko la pamwamba pa mapiri

Pakati pa Johannesburg ndi Durban pali mtandadza wa mapiri otchedwa Drakensberg. Kuseri kwake kuli dziko la Lesotho, limene lazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse. Kuti mumvetse kutalika kwake, taganizani izi. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ndi yaitali koposa zonse m'Malawi, ili pa mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Nsonga ya Thabana Ntlenyana ku Lesotho ili pa mamita 3,482. Malo otsika koposa m'dziko lonse la Lesotho ali pa mamita pafupifupi 1,400, kutanthauza kuti chigwa chawo chenicheni chili pamwamba kuposa mzinda wa Lilongwe. Azibambo athu amene anapita ku migodi pa Wenela ndi pa Theba anagwira ntchito limodzi ndi Abasutu ambiri, ndipo ankawazindikira ndi gombeza limene silinkachoka pamapewa.

Munthu akamakwera phiri, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse. Ndi chifukwa chake ku Dedza kumazizira kuposa ku Salima, ngakhale kuti malowa sanatalikirane kwambiri. Tsono Lesotho ndi wokwera, ndiponso ali kummwera kwambiri kuposa ife, kufupi ndi kumene mphepo yozizira imachokera. Mtambo umodzi womwewo umagwetsa mvula ku Pietermaritzburg, numagwetsa chipale pamwamba pa mapiri.

Anthu a ku South Africa amawerenga tsiku la 1 Seputembala ngati chiyambi cha nyengo ya mphukira. Abasutu, potsata mwambo wa makolo awo, amayamba chaka mu Ogasiti, ndipo nyengo imeneyi amaitcha selemo, mawu apachibale ndi athu aja akuti kulima. Mapichesi amachita maluwa m'midzi yonse, nkhosa zimayamba kuswa, ndipo alimi amakonza makasu ndi mapulawo. Masana dzuwa limawala bwino ndithu. Munthu wachilendo sangaganize kuti kuzizira kungabwererenso.

Kodi chipalechi chimachokera kuti?

Kummwera kwa Cape Town kuli nyanja yaikulu yozizira imene yazungulira dziko la madzi oundana la Antarctica. Pamwamba pa nyanja imeneyo mphepo imathamanga kuchokera kumadzulo kunka kummawa chaka chonse. Nthawi zina chigulu cha mpweya wozizira chimaduka pa mphepo zinzake, nichitsalira m'mwamba pamwamba pa South Africa, ndi kumazungulira pamalo amodzi masiku awiri kapena atatu, monga amachitira madzi pa dziwe mtsinje ukadzaza. Pa nthawi yomweyo mphepo yapansi imakankha chinyontho kuchokera ku nyanja ya Indian Ocean kunka kumtunda. Chinyonthocho chikafika pa mapiri chimakakamizika kukwera, ndipo chikakomana ndi mpweya wozizira uja chimasanduka mvula yamphamvu m'munsi ndi chipale m'mwamba.

Zoterezi zimakonda kuchitika pamene nyengo ikusintha, polowa m'chisanu ndi potulukamo. Pakati penipeni pa chisanu, mu Juni ndi Julayi, kumapiri kumeneko kumazizira koopsa, koma masiku ambiri kumwamba kumakhala kouma. Mu Seputembala chinyontho chimakhala chikubwerera pamene kuzizira kusanachokeretu, ndipo ziwirizi zikakumana chipale chake chimakhala chambiri, chonyowa ndi cholemera, chothyola nthambi ndi mawaya a magetsi.

Mphepo yokankha chinyontho ija ife si yachilendo kwa ife. Ndi mtundu womwewo wa mphepo ya kummwera chakummawa umene umatibweretsera chiperoni ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre, ndipo dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Kusiyana kwake ndi kwakuti ikamafika kuno imakhala itafundako, motero timangolandira nkhungu ndi mvula yowaza.

Zimene zinachitika kale

Pa 10 Seputembala 1981 anthu a mu Johannesburg anaona chipale chikugwa mumzinda mwawo, ndipo akuluakulu a kumeneko amakumbukirabe tsikulo. Kumapeto kwa Seputembala 1987 mpweya wozungulira uja unakhazikika pamwamba pa chigawo cha Natal, mvula inagwa masiku angapo osaleka, milatho inakokoloka, ndipo anthu mazanamazana anataya miyoyo yawo.

Chaposachedwa ndi cha mu 2024. Msewu waukulu wa N3, umene umalumikiza Johannesburg ndi Durban pa mtunda wa makilomita oposa 550, umadutsa mapiri pa malo otchedwa Van Reenen's Pass, pakati pa matauni a Harrismith ndi Ladysmith. Malowa ali pa mamita oposa 1,600, kutalika kosasiyana kwambiri ndi kwa boma la Dedza. Lachisanu pa 20 Seputembala chaka chimenecho masukulu anatsekera, ndipo mabanja ambiri ananyamuka ulendo wa kunyanja. A zanyengo anali atachenjezeratu, koma ambiri sanalabadire, pakuti ndani angaope chipale mitengo itaphuka kale? Usiku womwewo chipale chinatseka msewu. Magalimoto, mabasi ndi malole anaima mondondozana pa mtunda wautali, ndipo anthu anagona momwemo, ena kufikira tsiku lachiwiri, opanda chakudya chokwanira, opanda chofunda. Apolisi, magulu opereka chithandizo ndi alimi a m'mbali mwa msewu anayesetsa kuwafikira ndi mabulangete ndi chakudya chotentha, koma mayi wina wa zaka 39 amene anali m'minibasi anamwalira chifukwa cha kuzizidwa.

Amayi anzanga, mayi ameneyo sanali kukwera phiri ngati mlendo wokaona malo. Anali pa ulendo wamba, pa msewu wa tara, monga momwe mwana wanu amayendera popita kukaoda katundu. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Kuopsa kwa chipale chochedwa

Chipale cha mu Julayi chimapeza aliyense ali wokonzeka. Nkhuni zili m'nyumba, ziweto zatsitsidwa kumapiri, ndipo palibe amene amatuluka wopanda chofunda. Chipale cha mu Seputembala chimapeza anthu atatayirira.

Taonani za mlimi. Kukayamba kufunda ambiri amameta nkhosa zawo, pakuti ubweya wa nkhosa ndi wa mbuzi ndi umene umabweretsa ndalama m'mabanja a kumapiri a Lesotho. Nkhosa yometedwa kumene ili ngati munthu wovulidwa malaya: ikanyowa ndi mvula, mphepo n'kuiomba usiku umodzi, imafa. Ana a nkhosa obadwa kumene nawo sapirira. Pa nthawi imeneyi ziweto zimakhala zowonda chifukwa chakhala chisanu chonse zikudya udzu wouma, ndipo chipale chikakwirira msipu masiku atatu zilibe mafuta m'thupi oti zidalire. Maluwa a mapichesi akapsa ndi chisanu, zipatso za chaka chimenecho zapita.

Taonaninso za abusa. Ku Lesotho ziweto zimadyetsedwa ndi anyamata ndi achinyamata amene amakhala kutali ndi mudzi, m'timakumbi ta miyala totchedwa motebo, miyezi yambiri. Chuma chawo ndi gombeza lotuwa, nsapato za jombo, chipewa chophimba nkhope, ndodo, agalu ndi thumba la ufa. Chipale chikawatsekera njira, palibe angawafikire msanga, ndipo zaka zina ena amapezeka atafa pamodzi ndi ziweto zawo. Ambiri ndi a msinkhu wa ana athu a ku pulayimale ndi ku sekondale. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Tikamaona chithunzi chokongola cha mapiri oyera, tizikumbukira kuti kumeneko kuli mayi amene sakugona, maso ali kuphiri.

Komabe amayi a Chisutu ali ndi nzeru zimene tingatengereko. Nyumba zawo zakale ndi zozungulira, za miyala, zofolera ndi udzu wochindikala, ndipo zimasunga kutentha. Kumapiri kumene mitengo ndi yosowa amaumitsa ndowe naziunjika pabwalo kuti zikhale nkhuni. Koposa zonse, bulangete la ubweya salisiya nyengo ina iliyonse. Amalimanga pachifuwa ndi chipini chachikulu, amaberekeramo mwana, amapita nalo ku ukwati ndi ku maliro. Ubweya weniweni uli ndi ubwino uwu, kuti ngakhale utanyowa umafundabe, pamene nsalu ya thonje ikanyowa imamatirira pathupi ndi kuliziziritsa.

Zoti mumuuze wapaulendo wanu

Mwana wa kuno akamanyamuka mu Seputembala, amadutsa ku Mwanza, ku Tete ndi ku Beitbridge thukuta lili kamukamu, ndipo mukamupatsa juzi amaseka. Musagonje. Pa ulendo uliwonse wodutsa mapiri a kumeneko, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, m'chikwama cha m'manja mukhale bulangete, juzi, chipewa, masokosi ouma, botolo la madzi ndi kamba wosaonongeka msanga monga mtedza wokazinga, buledi kapena mbatata yootcha. Zimenezi zisapite m'katundu wa pansi pa basi kapena m'ngolo yokokedwa kumbuyo, kumene sangazifikire. Wodwala shuga kapena wakumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku anyamule a masiku owonjezera. Foni ikhale yodzaza moto.

Muuzeni amvere za nyengo pa wailesi kapena pa foni asanagule tikiti. Akamva kuti kumapiri kugwa chipale, aimike ulendo. Kuchedwa masiku awiri kungamutayitse kasitomala, koma adzakhala moyo ndi kupeza wina.

Ngati atsekeredwa pa msewu, asatuluke kuti ayende pansi kukafuna thandizo, makamaka usiku. M'chipale munthu amasokera pafupi pomwepo, nsapato zimanyowa, mphamvu zimatha msanga. M'galimoto muli chitetezo ku mphepo, ndiponso opulumutsa anthu amayamba kufufuza pa msewu. Anthu akhale moyandikana, ana ali pakati. Woyendetsa angathe kuliza injini kwa mphindi 10 pa ola lililonse kuti mufunde, koma ayambe waona kuti paipi yotulutsa utsi sinatsekeke ndi chipale, ndipo zenera limodzi likhale lotsegula pang'ono.

Chenjezo lomweli likhudzanso mbaula. Ana athu ambiri kumeneko amakhala m'tizipinda ta malata, ndipo kukazizira mwadzidzidzi amalowetsa mbaula ya makala natseka chitseko ndi mazenera. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amangomva mutu ndi tulo, nagona osadzukanso. Mbaula ituluke panja anthu asanagone. Lamulo limeneli ndi la ku Johannesburg, ndi la ku Ndirande, ndi la ku Mzuzu komwe.

Kuzindikira ndi kuthandiza wozizidwa

Thupi la munthu wabwinobwino limatentha madigiri 37. Likatsika kupitirira 35, moyo uli pangozi. Sipafunika chipale kuti zimenezi zichitike. Mvula yozizira pamodzi ndi mphepo ndi yokwanira, chifukwa madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya. Amene amagwidwa msanga ndi makanda, okalamba, odwala, anjala ndi oledzera.

Poyamba munthu amanjenjemera kwambiri, mano ali gwegwegwe. Kenaka manja amalephera kumanga batani, mawu amatuluka ngati a woledzera, amayenda modzandira ndi kuyankha zosagwirizana. Akasiya kunjenjemera pamene akadali pozizira, nayamba kuodzera, musaganize kuti wapeza bwino: pamenepo ndiye zafika poipa. Khanda silinjenjemera kwenikweni. Limangozizira pamimba ndi pachifuwa, limafooka ndi kukana bere.

Mukapeza munthu wotere, mulowetseni pamalo opanda mphepo, ndipo mumunyamule mofatsa. Muvuleni zonyowa zonse, mumupukute, mumukulunge m'mabulangete ouma kuphatikizapo mutu, ndipo pansi pake muyalepo kanthu kuti asagone pa simenti kapena pa dothi. Ngati ali maso ndipo angathe kumeza, mpatseni tiyi wofunda wa shuga kapena phala lamadzimadzi pang'onopang'ono. Khanda liikeni pachifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, monga amatiphunzitsira ku chipatala za ana obadwa masiku asanakwane, ndi kufunda onse awiri pamodzi.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma zimaononga. Choyamba ndi kumpatsa kachasu kapena mowa wina uliwonse. Mowa umachititsa munthu kumva ngati wafunda pamene ukutulutsira kutentha kunja kwa thupi. Chachiwiri ndi kumutikita manja ndi miyendo mwamphamvu. Chachitatu ndi kumuika m'madzi otentha kapena kumuyandikiza kwambiri pamoto. Khungu lozizidwa silimva kupsa, ndiponso kufunditsa mwadzidzidzi kungasokoneze mtima. Fundani chifuwa, khosi ndi mutu poyamba, ndipo ngati munthu wasokonezeka kapena sakudzuka bwino, afike kuchipatala msanga.

Walira mvula walira matope

Tisaganize kuti anthu a kumeneko amadana nacho chipale. Chikasungunuka pang'onopang'ono chimalowa m'nthaka, nichidzutsa msipu ndi akasupe patatha miyezi yambiri ya chilala cha m'chisanu. Mvula ndi chipale cha m'mapiri a Lesotho ndi zimene zimadyetsa mtsinje wa Senqu, umene ku South Africa amautcha Orange, woyenda mpaka ku nyanja ya Atlantic. Mu 1986 maiko awiriwa anapangana zomanga madamu m'mapirimo, ndipo damu la Katse linamangidwa m'zaka za m'ma 1990. Madzi ake amadutsa m'ngalande za pansi pa mapiri kunka ku mtsinje wa Vaal, umene umamwetsa Johannesburg. Motero mwana wanu akatsegula mpopi kumeneko, ena mwa madzi amene akutunga anagwa pa phiri lomwe lija pamene mbusa anagona ndi njala. Mlimi amene anakhumba chinyontho amachilandira pamodzi ndi zowawa zake, ndipo wanzeru ndi amene anakonzekera zonse ziwiri.

Nanga kwathu kuno?

Chipale sichitivuta ife, koma chinyengo cha nyengo yosintha timachidziwa. Amayi a ku Mulanje, ku Thyolo, ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku mapiri a Viphya ndi Nyika akudziwa kuti chiperoni kapena mphepo yozizira ingathe kubwerera patapita masabata a dzuwa. Masiku oterowo mwana amene wapita ku sukulu ndi malaya okha amabwera atanyowa, ndipo agogo amene atsala okha m'nyumba yopanda moto amavutika osanena. Bulangete limodzi ndi juzi la mwana aliyense zikhale pafupi kufikira kutentha kutakhazikika. Mwana akayamba kutsokomola, kupuma mofulumira ndi kulowa m'nthiti, musadikire kuti kuche kawiri, chibayo sichichedwa.

Timadziwanso za chizimalupsa, mvula ija imagwa dzinja lisanafike, nizimitsa malupsa ndi kununkhiritsa dothi. Mlimi wopupuluma amathamangira kubzala, mbewu nimera, dzuwa la Okutobala niliotcha, ndipo pofika mvula yeniyeni alibe chobzala. Makolo athu anaipatsa dzina mvula imeneyi kuti ana asanyengedwe nayo. Dzuwa loyamba la mphukira ku mapiri a kummwera liyenera kuonedwa chimodzimodzi.

Tsono sabata ino, mukamalankhula ndi wanu amene ali ku South Africa, musangomufunsa za ndalama ya feteleza ndi ya fizi. Mfunseni ngati ali ndi bulangete lokwanira, ngati mbaula imagona panja, ndiponso ngati ali ndi ulendo wodutsa mapiri mwezi uno. Akakuyankhani kuti kumeneko kwayamba kale kutentha, mukumbutseni za usiku wa pa 20 Seputembala 2024, ndipo mumuuze kuti amayi ake akuti chofunda chisachoke m'chikwama mpaka Okutobala atatha.